Tsiku Lomwe Kompyuta Inayiwala Khirisimasi

## Funso la madala

"Achimwene, mpunga wa Khirisimasi mwaubisa kuti?"

Anandifunsa choncho ndi abambo ena achikulire amene amasunga makiyi a mosungira katundu pa sitolo ina yopikulitsa ku Limbe. Munali mu Okutobala 2024, dzuwa likuswa mtengo, malata akuthetheka pamwamba pathu. Anagwira pepala lomwe pulogalamu yanga inatulutsa, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, chala chili pa mzere wa sabata yachitatu ya Disembala. Ine ndinaseka. Ndinkayesa akungocheza, muja amachitira akuluakulu akaona mnyamata wobereka chikwama cha laputopu. Koma iwo sankaseka.

Mpaka lero ndikamalemba khodi yogawa ntchito kwa ma process angapo (mapulogalamu oyenda nthawi imodzi pa kompyuta imodzi), mawu aja amandibwerera. Enafe olemba mapulogalamu m'chinenero cha Python muno mu Blantyre timalembera kunyumba pa Ubuntu (mtundu wina wa Linux, yomwe imayendetsa kompyuta ngati m'mene imachitira Windows), kenako n'kukasiya ntchitoyo pa kompyuta ya Windows mu ofesi ya kasitomala. Dzenje lomwe ndinagweramo ine lili panjira yomweyo, ndipo ndi lokwiriridwa bwino ndi udzu.

## Ntchito yake inali iyi

Amayi eni sitoloyo anatopa n'kuoda katundu mongoganizira. Mwezi wina mafuta ophikira atha malipiro asanatuluke, mwezi wina sopo wadzaza mpaka kudenga, ndalama zagona momwemo. Anali ndi mbiri ya malonda ya sabata ndi sabata kuyambira 2021, ya nthambi zawo zitatu, ndipo ankafuna pulogalamu yoti Lolemba lililonse iziwauza m'mene katundu aliyense ayendere pa masabata 13 akubwerawo.

Mitundu ya katundu inali cha m'ma 200. Kuchulukitsa ndi nthambi zitatu, ndiye kuti ma time series 600 (mindandanda ya manambala a malonda a sabata ndi sabata), aliyense ndi model yakeyake, njira ya masamu yolosera zam'tsogolo. Ndinasankha Holt-Winters ya mu library ya statsmodels (library ndi khodi yolembedwa kale ndi anthu ena yomwe umangotenga n'kugwiritsa ntchito), ija imalembedwa kuti `ExponentialSmoothing`. Si njira yogometsa ayi, koma imagwira zinthu zitatu zomwe mayi aliyense wogulitsa tomato mu msika wa Limbe amazidziwa pamtima: malonda ali pati panopa, akukwera kapena akutsika, ndiponso amabwereza chiyani nyengo yake ikakwana. Chachitatuchi chimafuna kuti uipatse nambala imodzi, `seasonal_periods`, kutalika kwa nyengo. Manambala ako akakhala a mwezi ndi mwezi umalemba 12. Akakhala a sabata ndi sabata umalemba 52. Chaka chenicheni chimapyola masabata 52 ndi tsiku limodzi kapena awiri, koma zimenezo tizisiye kaye.

Manambala a mu Blantyre ali ndi zipsera zake. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa matope a phiri la Soche pa Chilobwe, nthambi ina inakhala masiku osagulitsa kanthu kooneka. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo n'kusintha sabata imodzi. Ndinatha masabata ndikukonza malo amenewa kuti model isaone ngati chaka chilichonse mu Marichi anthu amasiya kugula. Mumtima ndinkati chovuta cha ntchito yonse ndi chimenechi, zotsalazo n'zoseweretsa.

Pa katundu aliyense ndinkayesa mitundu ingapo ya model n'kusankha yabwino, ndiye kuwerengera onse 600 mmodzimmodzi kunkatenga pafupifupi theka la ola. Magetsi athu mukuwadziwa, theka la ola ndi nthawi yaitali kupempherera. Ndinabweretsa `multiprocessing.Pool`, chida cha Python chogawira ntchito, ntchito n'kugawidwa kwa ma process 8, zonse n'kumatha madzi a tiyi asanawire kawiri. Pa laputopu yanga ya Ubuntu zinkayenda ngati minibasi ya mbandakucha pa msewu wa Masauko Chipembere, popanda choimitsa.

## Sikirini yodzaza ndi madandaulo

Lolemba loyamba ndinapita ndi fulashi ku ofesi. Kompyuta yake inali ya Windows 11, ya achemwali ena a ku akaunti, amene ankayenera kumayendetsa pulogalamuyo okha ine nditachoka. Ndinaika Python 3.11 ngati yanga, ma library ofanana ndi anga, n'kudina Enter.

Sikirini inayamba kuthamanga. Uthenga umodzimodzi unkabwera, usanathe kuuwerenga wabweranso, osaleka. Amayi anaima kumbuyo kwanga manja ali m'chiuno. Ndinadina Ctrl+C kangapo mpaka zinaima, n'kuwerenga:

`RuntimeError: An attempt has been made to start a new process before the current process has finished its bootstrapping phase.`

Aliyense amene anayesapo multiprocessing pa Windows anauonapo uthenga umenewu. Ubwino wake ndi wakuti umakuuziratu mankhwala ake m'munsimo: ika khodi yoyambitsa ma process pansi pa mzere wa `if __name__ == '__main__':`. Ndinkaudziwa mzerewu, kungoti pa Linux palibe chinandikakamizapo kuulemba. Ndinagwira khodi yonse kuyambira pakati pa fayilo mpaka pansi, n'kudina Tab, n'kuika mzere uja pamwamba pake. Sizinathe mphindi zisanu. Enter. Fani ya kompyuta inalira, ndipo patapita kanthawi fayilo ya zotsatira inatuluka, mizere yonse 600 ilimo, popanda dandaulo ngakhale limodzi.

"Basi yatheka?" anafunsa Amayi.

"Yatheka, Amayi. Kanali kanthu kakang'ono."

Ndikukumbukira kukoma kwa mawu amenewo mkamwa mwanga. Achemwali aja anasindikiza masamba oyamba, Amayi n'kuti, "Mukawaonetse bambo aja kumbuyoko, ndi amene amaoda."

## Pakati pa matumba

Mosungira katundu muja mumanunkhira sopo wa mtanda ndi fumbi la ufa. Madala anali atakhala pa kabenchi pafupi ndi sikelo, pambali pawo pali mulu wa makope a zikuto zolimba omangidwa ndi mphira. Ndinapereka moni, ndinapereka mapepala ndi manja awiri. Anawerenga pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, milomo ikugwedera. Shuga anamudutsa. Mchere anaudutsa. Atafika pa mpunga wa Kilombero anaima, n'kufunsa funso lija.

Ndinawafotokozera, mwaulemu koma ndi kakunyada pansi pake, kuti kompyutayo yawerenga malonda a zaka zonse, ma Disembala atatu ali momwemo, ndiye palibe chomwe yaphonya.

"Yaona ma Disembala atatu," anatero, "ndiye yaganiza kuti chaka chino anthu adya nsima pa Khirisimasi?"

Anamasula mphira ija n'kutsegula kope la 2023, kenako la 2022. Malemba awo ndi aang'onoang'ono, opendekera kumanja. Anandilozera matumba a mpunga otuluka sabata iliyonse: Okutobala akuyenda mwakachetechete, Novembala chimodzimodzi, kufika pakati pa Disembala nambala ikudumpha moti ngakhale mwana wa sitandade 3 angaione. Mafuta ophikira chimodzimodzi. Zakumwa zoziziritsa kukhosi chimodzimodzi. Pepala langa linali ndi mzere wongogwedera pang'ono, kukwera katatu n'kutsika katatu, ngati mafunde a m'beseni. Disembala sankasiyana ndi Okutobala.

Apa ndi pomwe pamandichititsa manyazi, ndipo ndi chifukwa chake ndikulemba nkhaniyi. Sindinanene kuti dikirani ndikaone. Ndinayamba kuikira kumbuyo nambala. Ndinati mwina model yaona kuti chigwereni kwacha anthu alibe ndalama, ndiye ikutichenjeza kuti Khirisimasi ya chaka chino ikhala yozizira. Ndinanena bwinobwino, mpaka ine mwini ndinayamba kukhulupirira. Holt-Winters sidziwa kuti kwacha n'chiyani. Ine ndinkadziwa kuti sidziwa. Koma pepala linali losindikizidwa, linachokera mu kompyuta, silinatulutse error, ndiye pakamwa panga panangopeka chifukwa choti likhale loona.

Madala anavula magalasi. "Achimwene, munthu wa ku Bangwe atha kugona ndi njala Novembala yense, koma pa 25 mwana wake adya mpunga. Ngakhale wa ngongole."

Anandikumbutsanso kuti mpunga umenewu suchokera pa Lunzu pompa. Umachokera ku Karonga, kumapeto kwa dziko, ndipo lole imafunika kukonzedwa nthawi ilipo. Akatsatira pepala langa, n'kudzazindikira mu Disembala kuti lanama, ndiye kuti makasitomala awo adzakhala atapita kale kwa oyandikana nawo.

Ndinatulutsa laputopu yanga, osati kuti ndifufuze, koma kuti ndiwaonetse chithunzi cha manambalawo, ndiwagonjetse nacho. Ndinaika pa thumba la mchere, n'kuyendetsa khodi yomweyo, yokonzedwa ija, yochokera pa fulashi yomweyo, ndi fayilo yomweyo ya malonda. Itamaliza ndinatsegula girafu ya mpunga.

Phiri linali pomwepo. Pakati pa Disembala mzere unakwera ngati phiri la Ndirande ukamaliyang'ana uli pa Ginnery Corner, kenako n'kutsika mu Januwale. Ndendende zomwe zinali m'makope.

Madala anayang'ana sikirini, anayang'ana pepala, n'kundiyang'ana ine.

"Nanga ziwirizi, yonama ndi iti?"

Ndinalibe yankho. Ndinangopempha kuti asaode kanthu ndi pepala limenelo, n'kulipinda n'kuliika m'thumba la malaya.

## Kusaka mfiti

Usiku umenewo kunyumba ku Chilomoni ndinabwereka laputopu ya Windows ya msuweni wanga, n'kuiika pambali pa yanga pa tebulo lodyera. Kumanzere Khirisimasi ilipo, kumanja kulibe.

Ndinayamba ndi omwe timawaganizira nthawi zonse. Ma version a ma library: ndinawaona ndi lamulo la `pip freeze` uku ndi uku, ofanana. Madeti: mwina Windows yawerenga 03/04 ngati Marichi 4 m'malo mwa 3 Epulo, kapena Excel yakhudza fayilo mwakabisira. Ndinasindikiza mizere yoyamba ndi yomaliza, yonse inali bwino. Ndinaganizirako zakuti makompyuta awiri amatha kusiyana pang'ono powerengera manambala a madesimo, koma kusiyana kumeneko kumakhala kutali kumapeto kwa nambala, sikungagumule phiri lathunthu. Cha m'ma 11 koloko ndinali nditayamba kunyoza Windows mokweza mpaka msuweni wanga anatuluka kuchipinda kudzafunsa ngati ndamuwonongera laputopu.

Chomwe chinatsegula njira n'chinthu chomwe ndikadayamba nacho. Ndinachotsa `Pool`, n'kuyendetsa mpunga wokha ndi `for` wamba, wowerengera mmodzimmodzi, pa Windows pomwepo. Phiri linabwera. Ndinabwezeretsa `Pool`, phiri linasowa. Ndiye kuti vuto silinali Windows payokha, silinalinso `Pool` payekha, popeza pa Ubuntu `Pool` yemweyo ankapereka zoona. Linali pomwe ziwirizi zakumana.

Ndinalowetsa mzere umodzi mkati mwa function yanga yolosera (kachigawo ka khodi kogwira ntchito imodzi), woti process iliyonse izinena nambala yake, dzina lomwe ikudzitchula, ndi kutalika kwa nyengo komwe ikugwiritsa ntchito: `print(os.getpid(), __name__, NYENGO)`. Pa Ubuntu onse 8 anayankha `__main__` ndi 52. Pa Windows onse 8 anayankha `__mp_main__` ndi 12.

Ndinakhala chete kwa kanthawi. 12 ameneyu ndinkamudziwa. Khodiyi ndinaiyamba kalekale pa ntchito ina ya manambala a mwezi ndi mwezi, ndipo pamwamba pa fayilo panali `NYENGO = 12`. Nditalandira ntchito ya ku Limbe sindinafufute mzerewo. Ndinangolemba `NYENGO = 52` pansi, pafupi ndi pomwe ndimawerenga fayilo ya malonda. Ndipo m'mawa muja, pa mphindi zisanu za ulemerero wanga, mzere wa 52 unali m'gulu la zomwe ndinakankhira mkati ndi Tab.

## Aganyu ndi chitseko

Python ili ndi njira zitatu zoyambitsira process yatsopano: fork, spawn ndi forkserver. Pa Linux, pa Python 3.11 yomwe ndinkagwiritsa ntchito, ukapanda kusankha imatenga fork. Windows ilibe fork n'komwe, ili ndi spawn yokha.

Fork ili ngati munthu wadzigawa pakati. Process yaikulu ikafika pa mzere wa `Pool`, imadzikopera yonse monga ilili pa mphindi imeneyo, ndi chilichonse chomwe chili m'mutu mwake. Ana ake amabadwa akudziwa kale zonse: fayilo yawerengedwa, ma library alowa, `NYENGO` wasintha kukhala 52. Safunika kuuzidwa kanthu.

Spawn ili ngati kutenga aganyu pamsewu kuti adzatsitse katundu mu lole. Amabwera osadziwa kanthu. Aliyense ndi Python yatsopano, yopanda kalikonse, ndipo kuti adziwe ntchito amawerenga fayilo yako yonse kuyambira pamwamba, ngati chidziwitso chomatidwa pakhoma. Ichi n'chifukwa chake kunali phokoso lija m'mawa: waganyu aliyense powerenga ankafika pa mzere wakuti lemba aganyu 8, nayenso n'kufuna kulemba ake. Python imaletsa zimenezi ndi `RuntimeError` ija, waganyuyo n'kufa, `Pool` n'kubweretsa wina m'malo mwake, nayenso n'kufera pomwepo, osatha.

Mzere wa `if __name__ == '__main__':` ndi chitseko cha ofesi ya abwana. Process yaikulu yokha ndi yomwe dzina lake ndi `__main__`, ndiye imalowa. Aganyu amawerenga fayilo yomweyo pansi pa dzina lakuti `__mp_main__`, akafika pachitsekopo amabwerera. Zonse zomwe zanenedwa mkatimo sazimva. Ine ndinasiya 12 pakhoma panja, 52 ndinamunong'oneza mu ofesi chitseko chili chotseka. Aganyu a Windows anagwira ntchito mokhulupirika ndi zomwe anawerenga. Anafunafuna chinthu chobwereza masabata 12 aliwonse, anapeza timafunde tofanana ndi kutha kwa mwezi, n'kutipereka. Timafunde timeneti n'tomwe tinapangitsa pepala kuoneka lamoyo.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti 12 ndi nambala yovomerezeka. statsmodels ikadadandaula ndikadaipatsa nyengo yaitali kuposa manambala omwe ndili nawo, koma 12 pa masabata oposa 190 ilibe chifukwa chokanira. Ndipo pakadapanda mzere wakale uja pamwamba, aganyu akadakuwa `NameError` nthawi yomweyo, Amayi ali chiimire kumbuyo kwanga, ine n'kukonza pomwepo. Nambala yomwe ndinaisiya ngati yosungira ndi yomwe inatseka pakamwa pa cholakwikacho.

Usiku uja ndinanyoza Windows pachabe. Kulemba function yomwe imatola nambala yofunika chonchi kuchokera pa global variable, nambala yolembedwa panja pake ngati `NYENGO`, ndi ulesi wanga, ndipo fork inakhala ikundibisira ulesiwo zaka zonsezi ngati mayi wobisa zolakwa za mwana wake.

Kukonza kwake sikunali kwa nzeru zakuya. Ndinafufuta `NYENGO` yense. Function inakhala `losera(malonda, nyengo)`, popanda nambala yosungira, ndipo ndimaitumiza ndi `starmap` ya `Pool` kuti waganyu aliyense apatsidwe nyengo m'manja pamodzi ndi katundu wake. Kenako ndinalemba `multiprocessing.get_context("spawn")` kuti ngakhale pa Ubuntu pulogalamu iziyenda m'njira ya Windows. Imachedwerapo masekondi angapo poyamba, popeza process iliyonse imalowetsa yokha pandas ndi statsmodels, koma chomwe ndikuona kunyumba n'chomwe achemwali aja adzaone ku Limbe.

## Ukafukula chulu

Nditayamba kuyang'ana fayilo ija ndi maso a waganyu, kuwerenga kuchokera pamwamba n'kumadzifunsa kuti iyeyu akuona chiyani, zina zinayamba kutuluka.

Panali tebulo lina la mitengo lomwe ndinkaliwerenga pamwamba pa fayilo, kunja kwa chitseko. Pa fork limawerengedwa kamodzi. Pa spawn aliyense mwa 8 aja ankaliwerenga payekha n'kusunga lakelake, pa kompyuta ya mu ofesi ya 8 GB yomwe Excel ndi Chrome zadya kale gawo lake. Panalinso nkhani ya numpy, library yowerengera manambala, yomwe pansi pake imagwiritsa ntchito ma library ena a masamu, OpenBLAS kapena MKL, ndipo zimenezi zimatha kutsegula ma thread (timagawo ta ntchito toyenda nthawi imodzi mkati mwa process imodzi) ochuluka ngati ma core, zigawo za kompyuta zomwe zimawerengera. Ma process 8, aliyense ndi ma thread 8, ndiye kuti 64 akulimbirana malo a anthu 8, ngati pa siteji ya minibasi mvula ikamagwa. Kuika `OMP_NUM_THREADS=1` numpy isanalowe kunathetsa mkanganowo.

Koma chomwe chinandidzidzimutsa chinali cha ku Linux, kwathu komwe ndinkakudalira. Kuti ndipereke malire a ulosi, kunena kuti matumba adzakhala pakati pa akuti ndi akuti, ndinkayerekezera tsogolo kambirimbiri ndi manambala a mwachisawawa a `np.random`. Manambala amenewa sakhala achisawawa enieni, amamera kuchokera pa seed, mbewu, ndipo mbewu imodzi imabala mndandanda umodzimodzi nthawi zonse. Fork imakopera zonse, ndi pomwe mndandandawo wafika pomwe. Ndiye ana onse 8 ankayamba ndi manambala ofanana, ngati ana a sukulu okoperana mayeso. Pa katundu mmodzi sizioneka. Koma ukaphatikiza nthambi zitatu kuti upeze mpunga wonse, mwayi ndi tsoka la nthambizo zimatha kuyendera limodzi mwabodza, malire n'kusokonekera. Pa Windows vuto limeneli kunalibe, popeza waganyu aliyense amabwera ndi mbewu yake. Ndiye funso la madala lija, kuti yonama ndi iti, yankho lake loona linali lakuti zonse ziwiri, kungoti ina inkanama mokweza. Pano time series iliyonse ndimaipatsa mbewu yakeyake, yochokera ku `SeedSequence` ya numpy, ndipo zotsatira zimafanana kulikonse.

Za Jupyter, pulogalamu yolembera khodi m'maselo a tsamba lotchedwa notebook, ndingotchula mwachidule, chifukwa mnzanga wina anataya nazo Loweruka lathunthu. `Pool` satumiza function yeniyeniyo kwa waganyu, amatumiza dzina lake kudzera mu pickle, njira ya Python yolongedzera zinthu zotumiza, waganyuyo n'kukaifuna yekha. Function yolembedwa mu notebook pa Windows sakaipeza. Selo imangokhala ndi kanyenyezi kake mpaka kalekale, pomwe dandaulo lakuti `Can't get attribute` likutuluka ku terminal komwe palibe akuyang'anako. Isamutsireni function imeneyo mu fayilo ya `.py` n'kuilowetsa ndi import, kapena gwiritsani ntchito joblib, yomwe imanyamula function yonse ndi cloudpickle.

A MacBook musadzione ngati muli kutali. Kuyambira Python 3.8, ya 2019, macOS nayo imayamba ndi spawn, chifukwa fork inkagwetsa ma process ikakumana ndi ma library ena a Apple. Ndipo ife a Linux masiku athu a mtendere anatha. Python 3.12 inayamba kuchenjeza ukachita fork mu pulogalamu yomwe ili ndi ma thread angapo, popeza mwana amatha kubadwa atagwira loko yomwe mwini kiyi wake sanakopedwe nawo, n'kungouma osanena kanthu. Python 3.14, yomwe inatuluka mu Okutobala 2025, inachotsa fork pa mpando, n'kuikapo forkserver, pomwe ana amakopedwa kuchokera ku process ina yapadera, osati ku yaikulu ija. Ana a forkserver nawonso samva zonenedwa kuseri kwa chitseko. Tsiku lina ndinatenga fayilo yakale ija, ya 12 pamwamba ndi 52 pansi, n'kuiyendetsa pa Ubuntu ndi 3.14 pongofuna kuona. Khirisimasi inasowa pa laputopu yanga yomwe.

## Lolemba linalo

Ndisanabwerere ku Limbe ndinawonjezera zinthu ziwiri. Choyamba, pulogalamu isanayambe ntchito yaikulu imatenga katundu wa mitundu isanu, n'kumuwerengera kawiri, kamodzi ndi `for` wamba, kamodzi ndi `Pool`. Mayankho akasiyana imaima n'kukana kutulutsa pepala. Chachiwiri, pa mzere uliwonse wa zotsatira ndinaika danga lomaliza lolembedwa nyengo yomwe waganyu wagwiritsa ntchito, osati yomwe ine ndikuganiza kuti ndamupatsa.

Achemwali a ku akaunti anadina okha Enter, ine manja ali kumbuyo. Nditatenga mapepala sindinadikire kutumidwa, ndinalunjika kumbuyo.

Madala anali pa kabenchi komwe kaja. Anawerenga monga mwa masiku onse, shuga, mchere, n'kufika pa mpunga. Chala chinatsika mpaka sabata yachitatu ya Disembala, chinakhala pamenepo. Anatsegula kope la 2023 n'kuliika pambali pa pepala.

"Wabwera," anatero. Kenako analoza danga lomaliza lija. "Nanga 52 ameneyu ali paliponse, ndi mtengo wa chiyani?"

Ndinawauza kuti ndi masabata a m'chaka, kuti tsiku lina akadzaona nambala ina pamenepo asadzaode kanthu, adzangondiimbira foni. Anagwedeza mutu, n'kutenga cholembera chofiira kuseri kwa khutu, n'kuzunguliza 52 woyamba. Atatero anabwerera pa mpunga wa nthambi ya ku Bangwe, anakhwatcha nambala yanga, n'kulemba ina yoposa ndi matumba 20.

Ndinafunsa chifukwa chake. Anati kuli ukwati wa mwana wa kasitomala wawo wamkulu pa 28, ndipo mpunga adzagula kuno.